Bokosi la Nsapato la Mayi Ketelsen

Sabata yatha nyuzipepala ya amisiri a chigawo chathu inatulutsa chithunzi cha Torben Feddersen ataima patsogolo pa denga la bango, atapinda manja pachifuwa, chisoti cholimba chili kumutu. Chisoticho chinali chatsopano, chosakalika ndi pang'ono pomwe. M'munsi mwake analembamo kuti ameneyu ndi bwana wachinyamata woona patali, amene watulukira nzeru yoti kampani izicheza ndi anthu ofuna ntchito ngakhale pamene ilibe malo. Ndinawerenga kawiri, kenaka ndinayala nyuzipepalayo pansi pa mbale ya mphaka wanga.

Torben ndinamuphunzitsa zaka zisanu ndi chimodzi, choncho ndikudziwa kukula kwa zimene mutu umenewo ungatulukire. Nzeru imene akuitamayo ili ndi mwini wake, ndipo dzina la mwini wakeyo silinatchulidwe pena paliponse m'nkhaniyo. Ndi Mayi Heinke Ketelsen, amene amakhala nyumba yachitatu kuchokera pa tchalitchi kuno ku Ockenbüll, tauni yathu ya m'mphepete mwa nyanja pafupi ndi malire a Denmark. Poti anthu olemba nyuzi sadziwa kugogoda pakhomo, ndilemba ndine.

Mayi Ketelsen anabadwira pafamu ya nkhosa kuseri kwa khoma lotchinga nyanja. Sukulu anaisiya ali ndi zaka khumi ndi zisanu, osati chifukwa cha mutu, koma chifukwa bambo awo ankati mwana wamkazi wodziwa kuwerenga nkhosa wadziwa zokwanira. Atakwana zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu analowa ntchito yaukalaliki pa kampani yofolera madenga ya Bahne Feddersen, agogo ake a Torben. A Bahne anali chimunthu chachikulu chosalankhula, chodziwa bango ngati chikhatho chawo, koma cholembera ankachigwira ngati chimaluma. Choncho zonse za pepala anazisiya m'manja mwa mtsikanayo, ndipo zinakhala m'manja amenewo zaka makumi anayi ndi zisanu.

Za bokosi zinayamba m'chaka chawo chachiwiri. Lachisanu lina la m'nyengo yozizira kunabwera munthu wina wamtali, atanyowa kuyambira kumutu mpaka kumapazi, kudzafunsa ntchito. A Bahne anangoti, "Kulibe," n'kubwerera kumitolo yawo. Heinke anamva chisoni kuti munthuyo abwerere mumvula mimba ili pululu. Anamuthirira khofi, n'kumudulira keke yabatala. Munthuyo potuluka anatseka geti, n'kubwereranso kukaligwedeza kuti aone ngati lagwira, poti mphepo ya kuno imathyola geti losiyidwa. Heinke anaona zimenezo pawindo. Anatenga kakhadi n'kulembapo dzina ndi keyala ya munthuyo, ndipo m'munsi anawonjezera mawu awiri: "Anatseka geti." Kakhadiko anakaponya m'bokosi la nsapato.

Patapita miyezi inayi mmisiri wina wa a Bahne anakwatira ku Denmark n'kusamuka mwadzidzidzi, denga la sukulu lili pakati. A Bahne anayenda uku ndi uku pabwalo akutukwana. Heinke anatsegula bokosi, n'kulemba kalata imodzi. Munthu wa geti uja anafika Lolemba. Dzina lake linali Ingwer, ndipo anakhala mkulu wa amisiri pakampanipo mpaka imvi. Theka la madenga amene mukuwaona kuchokera patchalitchi mpaka kudoko anadutsa m'manja mwake.

Kuyambira pamenepo unakhala mwambo. Lachisanu lililonse nthawi ya 3 koloko masana, aliyense wofuna ntchito ankalowa, kaya malo alipo kaya palibe. Kawirikawiri panalibe, chifukwa kwa a Bahne anthu sankachokako. Mayi Ketelsen sankanamiza munthu. Asanathire ndi khofi yemwe ankayamba ndi kunena kuti, "Ntchito lero kulibe, mwina ndi chaka chamawa chomwe. Koma khalani pansi." Akatha khofi ankatuluka naye munthuyo pabwalo, a Ingwer n'kumuponyera mtolo wa bango osamuuza chochita. Wodziwa ntchito amayamba waugogoda pansi mtolowo kuti mapesi afanane, kenaka amapinda limodzi kuti amve ngati lauma bwino. Wosadziwa amaukumbatira ngati mwana wa mnzake pa ubatizo. Mayi Ketelsen ankaonerera, n'kukalemba.

Ine nditapuma ntchito yauphunzitsi ndinkapitako Lachisanu lililonse, chifukwa cha keke, sindibisa. Makhadi ena ndinawawerengapo. "Amaopa pamwamba koma amabisa bwino." "Pakamwa ngati wailesi, manja abwino." "Anafunsa za malipiro asanagwire mtolo." "Mkazi wake akudwala, sangasamuke chaka chino." Ndaphunzitsa zaka makumi atatu ndi zisanu ndi zitatu, ndalemba malipoti a ana osawerengeka, koma sindinalembepo lipoti loona ngati limodzi la timakhadi timeneto. Ndipo Disembala aliyense munthu aliyense wa m'bokosimo ankalandira khadi la Khirisimasi lolembedwa pamanja.

A Bahne ankadandaula nthawi zina. "Heinke, tikudyetsa dziko lonse keke, koma sitikulemba munthu."

"Inu a Bahne, bango mumagula liti? Tsiku limene denga latsegulidwa?"

"Ndimagula m'chisanu, liziuma."

"Basitu. Inenso anthu anga akuuma."

A Bahne ankang'ung'udza n'kutenga keke yachiwiri.

Mwa anthu ouma m'bokosimo munali Leszek Wrona, wa ku Poland, amene ankafolera kwa bwana wina kutsidya la malire ku Denmark. Mwana wake wamkazi anakwatiwa ku tauni yoyandikana nafe, ndipo Leszek ankafunitsitsa kusamukira pafupi ndi zidzukulu. Tsiku loyamba a Ingwer atamuponyera mtolo, anaugogoda kamodzi, n'kusolola mapesi atatu owola amene a Ingwer anabisamo dala, n'kuwapatsa m'manja. A Ingwer anaseka mpaka kutsokomola. Pakhadi lake panalembedwa kuti, "Woyamba kuitanidwa." Koma malo sankapezeka. Zaka zisanu ndi chimodzi Leszek ankabwerabe kamodzi pachaka, mwezi wa Epulo, atanyamula botolo la nkhaka zoviika mumchere zopatsa Mayi Ketelsen.

"Mayi, kodi a Ingwer sakufabe?" ankafunsa a Ingwer ali pomwepo.

"Ndifa iwe utaphunzira kuphika khofi," ankayankha a Ingwer.

Kenaka a Bahne anamwalira. Mwana wawo anali atawatsogolera kale, choncho kampani inagwera mdzukulu, Torben, amene anabwera kuchokera ku Hamburg ndi digiri ya zamalonda, nsapato zosongoka, ndi mawu ambiri aatali amene sankadziwa kuwalemba. Mwana ameneyu anakulira pabwalo lomwelo. Mayi Ketelsen ndi amene ankamupukuta mamina, ndipo ankawatchula kuti azakhali Heinke. Tsiku limene anakhala pampando wa agogo ake anayamba kuwatchula kuti Mayi Ketelsen.

Sabata yoyamba anapachika chikwangwani pageti: "Ntchito kulibe. Malo akapezeka tidzalengeza pa intaneti." Sabata yachiwiri anaika loko wamagetsi ndi kabokosi kolankhulirapo. Sabata yachitatu anapeza bokosi la nsapato, lomwe panthawiyo linali litabala anzake awiri. Linali Lachisanu, ndipo ine ndinalipo, foloko ili m'manja.

"Ichi n'chiyani, Mayi Ketelsen?"

"Ndi anthu."

"Mukudziwa kuti lamulo silitilola kusunga mayina ndi mbiri za anthu ofuna ntchito mpaka kalekale popanda chilolezo chawo?"

"Ndiye tiwapemphe chilolezocho. Kalata imodzi, asaine, abweze. Ndilemba ndine, pofika Lachitatu zikhala zitapita."

Mnyamatayo anaseka kaseko kamene ndinkakadziwa bwino, komwe ankaseka m'kalasi akafunsidwa funso limene sanawerengere. "Tipemphe chilolezo kwa anthu amene sitikuwafuna? Tili ndi amisiri okwanira. Tikadzafuna munthu ndidzadina batani, pofika mawa lake makalata zana ali pakompyuta. Masiku a nsapato anatha."

Ine ndinalephera kudziletsa. "Torben, lamulo limenelo waliwerenga mpaka kumapeto, kapena walekezera pamutu ngati mabuku anga aja?"

"Aphunzitsi, pano si pasukulu. Ndiponso inu pano mumadzatani?"

Limenelo linali funso lanzeru lokhalo limene ndinamumvapo akufunsa, ndipo sindinamukhululukire.

Lamulolo lilipodi, sindikutsutsa. Koma limasiya khomo lotsegula kwa munthu wofuna kupempha, ndipo Mayi Ketelsen anali atamulozera khomolo. Torben sankaopa lamulo. Ankachita manyazi ndi bokosi la nsapato mu ofesi imene ankafuna kuikamo mipando yagalasi. Anakokera makina ong'amba mapepala pakati pachipinda n'kuyamba kudyetsera makhadi, asanuasanu. Zinamutengera pafupifupi ola. Mayi Ketelsen sanalire, sanatsutsenso. Anatsuka makapu, anakulunga keke yotsala n'kundipatsa, n'kuvala chikhoti chawo. Miyezi itatu pambuyo pake anawapumitsa ntchito nthawi isanakwane, ndi maluwa ogula pamalo omwetsera mafuta, mtengo wake udakali pa pulasitiki.

Epulo wotsatira Leszek anafika ndi botolo lake la nkhaka. Anapeza geti lokhoma. Anadina belu, ndipo kabokosi kaja kanalankhula ndi mawu a Torben.

"Mukufuna chiyani?"

"Ndine Leszek Wrona, wofolera. Ndimabwera chaka chilichonse kudzaona Mayi Ketelsen."

"Werengani chikwangwani."

Kabokosiko kanazima. Leszek anapita kukafunsa kwa ophika buledi kumene Mayi Ketelsen amakhala, n'kukasiya nkhaka kumeneko.

Zaka ziwiri zinadutsa bwinobwino, ndipo Torben anayamba kukhulupirira kuti n'chifukwa cha iye. Zoona zake n'zakuti a Ingwer ankayendetsa zonse ali padenga. M'chaka chachitatu Torben anapeza ntchito yaikulu kuposa zonse zimene kampaniyo inagwirapo: kufolera nyumba yakale ya alendo ya pafupi ndi doko, ija ili ndi holo yovinira m'mwamba ndi mawindo khumi ndi anayi otulukira padenga. A Ingwer anamuchenjeza kuti kusasula denga lalikulu choncho mu Ogasiti n'kuputa mkuntho wa Okutobala. Torben anawaonetsa chithunzi cha mizeremizere pakompyuta. Anasasula.

Pakati pa Seputembala a Ingwer, akudya buledi wawo pansanja, dzanja lamanja linangofooka. Anali matenda a sitiroko. Moyo unatsala, koma padenga sadzakweranso. Wachiwiri wawo, Nis, amene ankapirira Torben chifukwa cha a Ingwer okha, anapita kukagwira ntchito kumakina amphepo opangira magetsi sabata yomweyo. Anatsala amuna asanu ndi mmodzi, anthu olimbikira, odziwa kuyala bango pamalo owongoka. Koma kupinda bango mozungulira windo kuti madzi asalowe, ndiponso kutseka pamsonga pa denga, ndi ntchito ya manja amene achita zimenezo zaka zambiri. Panalibe ndi mmodzi yemwe. Theka la denga linali pansi pa malona, mawindo onse khumi ndi anayi ali yasa. Mwini nyumbayo ananena poyera kuti mvula ikawononga holo yake, dzina la Feddersen lidzathera kukhoti. Mabanja asanu ndi limodzi ankadya kuchokera padenga limenelo.

Tsono Torben anadina batani lake lija.

Ndauzidwa kuti anayankha anthu anayi. Wina ankayala matailosi ndipo ankaganiza kuti bango n'chimodzimodzi. Wina anali wophunzira wa kuyunivesite wofuna kukhala pafupi ndi chilengedwe patchuthi. Awiri enawo ankafunsa ngati ntchitoyo angaigwirire kunyumba. Amisiri enieni a bango ndi ochepa moti amadziwana mayina, ndipo mu Seputembala aliyense amakhala ali padenga la munthu wina. Sawerenga zolengeza. Amapita kumene anawapatsapo khofi.

Lamulungu loyamba la Okutobala masana ndinali kwa Mayi Ketelsen, tikumwa tiyi, pamene belu linalira. Anali Torben, nsapato zosongoka zija zili matope okhaokha, maso ali gwa ngati a nkhosa yogwera mumfuleni.

"Azakhali Heinke."

"Ooh, ndabwereranso pa uzakhali? Pukuta mapazi."

Anakhala pampando, n'kuyamba kufotokoza za kusowa kwa amisiri m'dziko lonse, za achinyamata osafuna ntchito zamanja, za boma. Aliyense anali wolakwa kupatula munthu amene anakhala pampandoyo. Mayi Ketelsen anamuthirira tiyi, n'kumulola kuti alankhule mpaka mawu amuthere.

"Kodi makhadi aja," anatero pomaliza, akuyang'ana m'kapu, "simunasungeko ena?"

"Unang'amba wekha. Unawerenganso kuti pasatsale ndi limodzi."

"Pepani, azakhali."

"Pepani sapoletsa chilonda," ndinatero ine.

"Aphunzitsi, imwani tiyi," anatero Mayi Ketelsen. Anaimirira n'kutsegula kabati ya m'khitchini, momwe amasungamo ulusi ndi makandulo, n'kutulutsa kabuku kofiira kothaitha. Kanali kabuku kawo ka makeyala a Khirisimasi. Zaka zonsezo, kampani itawataya, anapitiriza kutumiza makhadi kwa anthu awo ndi masitampa ogula okha. Sankachitira kampani. Ankati munthu amene wamulembera zaka khumi sungangomusiya chifukwa mwana wina wagula makina.

Anaimba foni patebulo pomwepo, n'kuikweza mawu kuti tonse timve.

"Leszek, ndine Heinke. Ndili ndi Torben Feddersen pano. A Ingwer adwala, denga la kudoko lili poyera. Akufuna mmisiri."

Kenaka mawu a Leszek anamveka, odekha bwino.

"Muuzeni awerenge chikwangwani."

Ndakhala ndi moyo zaka makumi asanu ndi awiri mphambu zisanu ndi zinayi, ndipo mphindi zokoma ngati imeneyo ndingaziwerenge ndi dzanja limodzi. Nkhope ya Torben inafiira mpaka m'makutu. Ndikanakhala ine, nkhani ikanathera pomwepo, ndipo ndikanagona tulo tabwino. Koma Mayi Ketelsen si ine.

"Wayankha bwino, ndipo mwanayu wamva," anatero. "Tsopano ndikupempha ndine. Za mwanayu zisiye. Pali amuna asanu ndi mmodzi amene Khirisimasi ino akhala opanda ntchito. Ndiponso a Ingwer ali m'chipatala, kulankhula kukuvuta, koma dzulo anagwira dzanja langa n'kunena mawu amodzi okha. Akuti mawindo."

Leszek anapumira m'mwamba. "Nkhalamba imeneyo ngakhale kufa siidziwa."

"Ubwera?"

"Ndili ndi denga la munthu pano, sindingalisiye poyera ngati anthu ena. Masiku asanu ndi atatu. Koma mverani, mayi. Chikwangwani chija achotse yekha ndi manja ake. Lachisanu ndikufuna ndipeze inu pa ofesi ndi khofi. Ndipo ndilibe wonditengera mitolo, ndiye bwanayo agule nsapato zenizeni."

Masiku asanu ndi atatu amenewo ndiwo anali mtengo wa makina ong'amba mapepala aja. Bokosi likanakhalapo, kalata ikanapita tsiku limene a Ingwer anadwala, ndipo Leszek akanafika mphepo isanatembenuke. Pa tsiku lachisanu ndi chimodzi mkuntho woyamba unafika kuchokera kunyanja, unang'amba malona a mbali ya kumadzulo, ndipo madzi anatsikira mu holo yovinira mpaka matabwa apansi anatukumuka ngati buledi. Holoyo inatsekedwa nyengo yonse yozizira, maukwati atatu anasamukira kwina, ndipo mwini nyumbayo mpaka lero akamuona Torben amawolokera tsidya lina la msewu.

Koma nyumba yotsalayo inapulumuka. Leszek anafika Lolemba m'mawa, anayang'ana denga, anatukwana m'chilankhulo chakwawo, n'kukwera. Kwa masabata anayi tauni yonse inkapezera zifukwa zodutsira kudoko kuti ikaone Torben Feddersen, wa digiri ya zamalonda, akukwera makwerero ndi mitolo iwiri paphewa, Leszek akukuwa kuchokera pamwamba: "Bwana, mtolo si chikwama cha mu ofesi, gogodani pansi kaye!" Ine ndinkapita ndi mpando wanga wopinda. Pa 9 Novembala anatseka msonga. Kampani inatsala, amuna asanu ndi mmodzi aja anatsala pantchito, ndipo Leszek tsopano ndiye mkulu wa amisiri, amakhala mphindi khumi kuchokera kwa zidzukulu zake.

Mungaganize kuti munthu wopyola m'zoterezi amaphunzirapo kudzichepetsa. Torben anaphunzirapo kuti nzeruyo ndi yabwino, basi, ndipo pofika chaka chino anali atakhulupirira kuti ndi yake. Anagula pulogalamu ya pakompyuta yokhala ndi dzina lachingerezi, anaitana mtolankhani, anavala chisoti chija. M'nkhani yonseyo mulibe bokosi, mulibe keke, mulibe holo yonyowa.

Mayi Ketelsen ali ndi zaka makumi asanu ndi awiri tsopano. Lachisanu lililonse amapalasa njinga kupita kukampani, bokosi latsopano la nsapato lili m'dengu lakutsogolo, ndipo ikakwana 5 koloko amabwerera nalo kwawo. Mu ofesimo saligoneka. Khadi lililonse tsopano lili ndi mzere kumbuyo pomwe mwini wake amasaina kuti walola kusungidwa. A Ingwer amabwera pa njinga ya olumala n'kumaponya mitolo ndi dzanja lamanzere. Malo a ntchito pakadali pano palibe. Lachisanu lapitali kunabwera anthu atatu.

Anthuwo atapita ndinayambitsa nkhani ya nyuzipepala ija. Ndinafunsa Mayi Ketelsen ngati anaiona.

"Ndinaiona. Chisoti chimamukhala."

"Basi? Munthu wakuberani ntchito ya moyo wanu wonse masanasana, inu mukuti chisoti?"

"Aphunzitsi, mtima wanuwo udzakuphani. Gwirani bokosili ndimange nsapato."

Ndinaligwira, ndipo poti chivindikiro chinali chotsegula, ndinasuzumiramo. Sindipepesa. Chakumapeto, kuseri kwa anthu onse, kunali khadi lolembedwa kuti Torben Feddersen. M'munsi mwake munali mizere itatu: "Manja ofewa, koma mitolo anaifikitsa. Geti satsekabe. Asungidwe, mwina adzauma."

Ndinalitembenuza. Kumbuyo kunali siginecha yake, yaikulu, yokhotakhota.

"Anavomera zimenezi?" ndinafunsa.

"Ndinamupatsa pamodzi ndi mapepala ena," anatero Mayi Ketelsen, akulandira bokosi lawo n'kuliika m'dengu. "Anasaina osawerenga."